Yunivesite yapepesa kale, nanga ophunzira akuda akufunanso chiyani?

Funso lachokera kwa bambo wina wa ku Lilongwe: "Mwana wanga wamkazi akuphunzira pa yunivesite ina ku England. Chaka chino anthu osadziwika analemba mawu onyoza anthu akuda pa zitseko za kuhositelo, chitseko chake chili pomwepo. Akuluakulu a sukulu analemba kalata yopepesa, anakhazikitsa komiti, ndipo alonjeza kuti aphunzitsi onse aphunzitsidwa za tsankho. Koma gulu la ophunzira limene mwanayu walowa likuti zonsezi n'zongophimba anthu m'maso, moti likukonza m'bindikiro pa ofesi ya mkulu wa sukulu. Ine ndikuona ngati kusayamika. Anthu apepesa, akufunanso chiyani? Nanga mwanayu ndimulangize zotani?"

Bambo, nkhawa yanu ndi yomveka, ndipo pa za m'bindikiro pali zoti mwana wanu asamale nazo kwambiri. Tifikako. Koma pa za kusayamika, ophunzirawo ali ndi mfundo. Akale anati pepani sapoletsa chilonda, ndipo amene amatsogolera magulu otere anaona kale kumene kalata, komiti ndi maphunziro zinathera m'masukulu ena. Zitatu mwatchulazo ndi zimene pafupifupi yunivesite iliyonse imayamba kutulutsa nkhani ya tsankho ikangofika m'manyuzipepala. Ndi zotchipa, zimatheka msanga, komanso sizimanga munthu aliyense.

Muuzeni mwanayo akutumizireni kalata yopepesa ija, muiwerenge modekha. Onani ngati yatchula chimene chinachitika mosapita m'mbali, kuti ndi tsankho lolimbana ndi anthu akuda, kapena yangonena kuti kwachitika zinthu zosagwirizana ndi mfundo za sukulu. Onaninso ngati muli udindo wa munthu amene adzafunsidwe zinthu zikapanda kuyenda, tsiku limene ntchitoyo ithe, ndi ndalama zimene zapatulidwa. Makalata otere amadutsa ku ofesi yofalitsa nkhani ndi kwa maloya asanatuluke, ndipo ntchito ya anthu amenewa ndi kuteteza mbiri ya sukulu ndi kupewa mawu omwe mawa angaigwetse kukhoti. Munthu, tsiku ndi ndalama zikasowa m'kalatamo, ndiye kuti sukulu sinalonjeze kanthu.

Pa komiti ndiye pagona nkhani. Wa digiri yoyamba ku England amakhala pasukulu zaka zitatu, wa digiri yachiwiri nthawi zambiri chaka chimodzi, ndipo atsogoleri a bungwe la ophunzira amasankhidwa chaka ndi chaka. Komiti ikapatsidwa miyezi 12 kuti ifufuze, lipoti lake n'kudikiranso kuti khonsolo ya yunivesite ilikambirane, odandaula aja amakhala atavala kale magauni n'kubalalika. Obwera kumene amayambiranso pachiyambi. Akuluakulu sachita kufunika kukana, kuzengereza kokha kumawakwanira.

Zimene zinachitika ku Oriel College, ku Oxford, zikuonetsa bwino zimenezi. Pakhoma la kolejiyi pali chiboliboli cha Cecil Rhodes, yemwe uja dzina lake linali pa maiko amene lero ndi Zambia ndi Zimbabwe, ndipo kampani yake inkapereka mapaundi 10,000 pachaka ku boma la Harry Johnston kuno kwathu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1890. Ophunzira atapempha kuti chichotsedwe, mu Disembala 2015 koleji inalengeza kuti imva maganizo a anthu kwa miyezi isanu ndi umodzi. Kumapeto kwa Januwale 2016, ntchito yomva maganizoyo isanayambe n'komwe, inalengeza kuti chibolibolicho chikhala. Manyuzipepala analemba kuti anthu othandiza kolejiyo anaopseza kubweza mphatso zoposa mapaundi 100 miliyoni, ngakhale koleji inakana kuti chimenecho ndicho chinali chifukwa chachikulu. Mu Juni 2020, munthu wakuda George Floyd ataphedwa ndi wapolisi ku Minneapolis, ku America, ndipo zionetsero zitafalikira, akuluakulu a koleji ananena kuti akufuna chichoke, n'kukhazikitsa komiti yoima payokha. Mu Meyi 2021 mamembala ambiri a komitiyo anagwirizana ndi zochichotsa. Koleji inayankha kuti siyamba ntchitoyo chifukwa malamulo oteteza nyumba zakale ndi ovuta ndipo pafunika ndalama zambiri. Inangoika chikwangwani chofotokoza mbiri ya Rhodes. Wophunzira amene akudziwa nkhaniyi akamva kuti kwakhazikitsidwa komiti, simungamudzudzule akafunsa kuti zimene komitiyo ipeze zidzamanga ndani.

Mawu oti kusayamika anamvekanso komweko. Mmodzi mwa otsogolera ophunzira ku Oxford anali wa ku South Africa ndipo ankaphunzira ndi ndalama za sikolashipi ya Rhodes, imene Amalawi, a ku Zambia ndi a ku Zimbabwe amapikisananso. Anthu anamunena kuti akunyoza womudyetsa. Yankho la ophunzirawo linali loti chuma cha Rhodes chinachokera m'migodi ya kuno kummwera kwa Africa ndi thukuta la anthu akuda. Mungagwirizane nawo kapena ayi, koma mwana wanu, amene akulipira fizi yokwera kwambiri kuposa ya eni dziko, sakupempha chifundo akamafuna kugona m'chipinda chimene chitseko chake sichinalembedwe zonyoza.

Vuto lina la makomiti ndi loti zimene amapita kukafufuza zimadziwika kale. Ku South Africa, mu 2008 munatuluka kanema wa ophunzira anayi achizungu a pa University of the Free State akuchititsa manyazi antchito asanu akuda a pasukulupo. Boma linakhazikitsa komiti yotsogoleredwa ndi Pulofesa Crain Soudien, imene inapeza kuti tsankho ndi lofala m'mayunivesite, makamaka m'mahositelo. Patapita zaka 14, mu Meyi 2022, wophunzira wachizungu pa yunivesite ya Stellenbosch anajambulidwa akukodzera katundu wa mnzake wakuda m'hositelo ya Huis Marais. Yunivesite inamuchotsa sukulu mu Julaye, itapempha kale woweruza wopuma Sisi Khampepe kuti afufuze. Lipoti lake la mu Novembala 2022 linapeza kuti ophunzira ndi antchito akuda amadzimvabe kuti ndi alendo osalandiridwa pasukulupo, ndipo miyambo ya m'mahositelo inatchulidwanso. Kuchotsa wolakwa mmodzi n'kofunika, koma sikusintha amene amasankha atsogoleri a hositelo, chilankhulo cha pamisonkhano, kapena kumene mwana wa chaka choyamba angathawire usiku.

Za maphunziro a aphunzitsi sitichedwapo. Mu 2018 bungwe loona za ufulu ndi kusasalana ku Britain, la Equality and Human Rights Commission, linaunika kafukufuku wa maphunziro amtunduwu n'kupeza kuti amathandiza munthu kuzindikira maganizo ake atsankho, koma umboni woti amasintha khalidwe lake ndi wochepa. Nthawi zambiri amakhala a ola limodzi pa kompyuta, munthu n'kudina mayankho. Sukulu imawakonda chifukwa ikhoza kulengeza chiwerengero cha amene amaliza.

Ziwerengero zimene ophunzira amafuna kuti zisinthe ndi zina. Bungwe lomwelija linafufuza mayunivesite a ku Britain n'kutulutsa lipoti mu Okutobala 2019. Ophunzira akuda 29 pa 100 aliwonse ananena kuti anachitiridwapo zachipongwe chifukwa cha mtundu wawo chiyambireni maphunziro. Awiri mwa atatu aliwonse amene anakumana nazo sanakanene ku sukulu, ambiri chifukwa sankakhulupirira kuti pachitika kanthu. Pamene zinali choncho, mayunivesite oposa 40 pa 100 aliwonse ankakhulupirira kuti nkhani iliyonse imawafika. Apa ndiye pamasokonekera zinthu. Ophunzira sadandaula chifukwa sakhulupirira ofesi yolandira madandaulo, ofesiyo imalemba kuti madandaulo ndi ochepa, akuluakulu amawerenga n'kunena kuti vuto ndi laling'ono. Nkhani ikaphulika amadabwa moona mtima, ndipo kudabwa kwawoko ndi kumene kumapsetsa mtima ophunzira.

Palinso nkhani ya magiredi. M'chaka cha maphunziro cha 2017/18, ophunzira achizungu pafupifupi 81 pa 100 anapata digiri ya m'magulu awiri apamwamba, pamene akuda anali pafupifupi 58 pa 100. Kusiyanaku kumatsalabe ngakhale poyerekeza ophunzira amene analowa ndi magiredi ofanana, choncho sitinganene kuti akudawo anabwera osakonzeka. Kumachokera pa zinthu zing'onozing'ono zounjikana: amene mphunzitsi amamupatsa nthawi mu ofesi, amene amasalidwa pa ntchito ya m'magulu, ndemanga zosamveka pa pepala lochongedwa, amene amauzidwa msanga za malo oyeserera ntchito. Ndipo oyang'anira zonsezi ndi ndani? Mu 2019/20, mwa mapulofesa pafupifupi 23,000 a ku Britain, akuda anali 155 okha. Aphunzitsi akuda ochepawo ndi amene amaikidwa m'komiti iliyonse ya tsankho, kuwonjezera pa ntchito yawo, popanda malipiro, ndipo nthawi imene akanalemba kafukufuku wowakwezetsa pantchito imathera kumisonkhano. Ophunzira nawonso amaitanidwa kuti adzafotokoze zowawa zawo mobwerezabwereza, kwaulere, m'nyengo ya mayeso.

Ndiye zinthu zimasuntha liti? Pa University of Missouri, ku America, ophunzira akuda anadandaula kwa miyezi mu 2015 osamvedwa. Gulu lawo linkatchedwa Concerned Student 1950, pokumbukira chaka chimene yunivesiteyo inayamba kulandira akuda. Pa 2 Novembala, wophunzira Jonathan Butler anasiya kudya mpaka mkulu wa gulu la mayunivesite limene sukuluyo ilimo, Tim Wolfe, atachoka. Pa 7 Novembala osewera akuda a timu ya mpira ya sukuluyo analengeza kuti sasewera, ndipo kulephera kusewera masewero otsatira kukanadya sukuluyo madola 1 miliyoni. Pa 9 Novembala Wolfe anatula pansi udindo. Zimene miyezi ya makalata inalephera zinatheka m'masiku awiri ndalama zitakhudzidwa. Koma pempho lawo lenileni, loti aphunzitsi ndi antchito akuda afike 10 pa 100 pofika 2017/18, silinakwaniritsidwe. Ndipo mu 2024, ndale za ku America zitatembenukira maofesi oona za kusasalana, yunivesiteyo inathetsa nthambi yake yoona za zimenezi.

Ku University of Cape Town zinayenda mwachangu poyamba. Pa 9 Malichi 2015 wophunzira Chumani Maxwele anathira zonyansa za kuchimbudzi pa chiboliboli china cha Rhodes chimene chinali pasukulupo, anzake anabindikira m'nyumba ya maofesi ya Bremner, ndipo pa 9 Epulo chibolibolicho chinanyamulidwa. Koma chimene chinasintha miyoyo ya anthu mokhalitsa chinabwera pambuyo: mu 2016 antchito pafupifupi 1,000, osesa, alonda, ophika ndi osamalira kapinga, amene kale ankalembedwa kudzera m'makampani apadera, analembedwa ntchito ndi yunivesite yeniyeniyo. Munthu akalowa m'buku la malipiro, mkulu watsopano sangamufafanize ndi kalata imodzi. Ku yunivesite ya Goldsmiths, mu London, ophunzira anabindikira m'nyumba ya sukuluyo ya Deptford Town Hall masiku 137 mu 2019 ndipo sanatuluke mpaka akuluakulu atasaina chikalata cha zimene achite. Phunziro la m'nkhani zimenezi, ndipo ndi limene gulu la mwana wanu liyenera kuligwira, ndi loti chimene chimakhalitsa ndi cholowa mu bajeti, mu kontirakiti kapena m'malamulo a sukulu.

Sikuti ophunzira salakwitsa. Mu Febuluwale 2016 ena pa Cape Town anatentha zithunzi zojambula pamanja zimene anazitsitsa m'makoma a mahositelo, zina mwa izo zojambulidwa ndi katswiri wakuda, ndipo magalimoto anatenthedwanso. Yunivesite inapeza chiletso kukhoti, ndipo anthu ambiri amene ankawachemerera anabwerera m'mbuyo. Kulakwitsa kwina, kosamveka phokoso koma kofala, ndi kulemba mapempho ambirimbiri osasanja chofunika kwambiri. Akuluakulu amatola osavuta, monga kusintha dzina la chipinda, n'kulengeza kuti akwaniritsa theka. Ndipo mwana wochokera kunja adziwe kuti zopambana za magulu amenewa sizimufika zonse. Maphunziro aulere amene boma la South Africa linalengeza mu Disembala 2017 kwa mabanja opeza ndalama zosapitirira R350,000 pachaka ndi a nzika zokha. Nkhani za fizi ya ochokera kunja, viza ndi kusalidwa chifukwa cha kalankhulidwe zimalowa m'mapempho pokhapokha wina ngati iye akaziika patebulo.

Tsopano za mwana wanu. Choyamba, dandaulo lake la chitseko likhale lakelake, lolembedwa, losadalira za gulu. Asunge zithunzi zoonetsa tsiku ndi nthawi, alembe mayina a amene anaona, ndipo atumize imelo yopempha kuti zojambulidwa ndi makamera a CCTV zisungidwe, chifukwa m'malo ambiri zimafufutika pakatha mwezi kapena kucheperapo. Kulemba mawu atsankho pa katundu ndi mlandu, choncho akhoza kukanenanso ku polisi poimba 101 n'kutenga nambala ya mlandu. Asamale ndi mafomu a pa intaneti olola kudandaula osatchula dzina. Amathandiza sukulu kuwerengera, koma nthawi zambiri sayambitsa kafukufuku. Ayenera kulemba momveka kuti akupereka dandaulo motsatira ndondomeko ya madandaulo ya yunivesite. Ambiri amagwa pamenepa: amauza mphunzitsi pakamwa, amaitanidwa kukacheza ndi kumwa tiyi, patapita miyezi n'kumva kuti palibe chinalembedwa ndipo nthawi yodandaula inatha.

Asapite yekha kumsonkhano uliwonse. Bungwe la ophunzira limakhala ndi alangizi oima paokha, aulere, amene amaloledwa kumuperekeza. Msonkhano ukatha alembe imelo yachidule yobwereza zimene anagwirizana. Akamuuza kuti wochitayo ankangoseka, adziwe kuti lamulo la Equality Act la 2010 limayang'ana cholinga cha khalidwelo kapena zotsatira zake pa wochitiridwayo, ndipo limaletsa kumulanga munthu chifukwa chodandaula. Akamuuza kuti malamulo osunga chinsinsi sakulola kumuuza mmene nkhani yathera, aumirire kuuzidwa ngati dandaulo lake lavomerezedwa ndi zimene zachitika kuti iye atetezeke, monga kusamutsa wolakwayo m'malo mosamutsa iyeyo. Ngati nkhaniyi yamusokoneza kuwerenga, apereke fomu yofotokoza zovuta zapadera mayeso asanafike kapena m'masiku ochepa amene sukulu imalola, osadikira zotsatira.

Ndondomeko ya mkati ikatha, apemphe kalata yotchedwa Completion of Procedures. Ndi kalata imeneyi ali ndi miyezi 12 yokadandaula ku Office of the Independent Adjudicator, ofesi yoima payokha younika madandaulo a ophunzira a ku England ndi Wales, ndipo salipira kanthu. Ofesiyi imayembekeza kuti sukulu imalize dandaulo m'masiku 90, choncho akaona miyezi ikudutsa ali ndi poyambira. Njira ya kukhoti ndi yaifupi kwambiri, miyezi isanu ndi umodzi kuchokera tsiku la chochitikacho, motero ngati akuiganizira afunse loya msanga. Kwa owerenga amene ana awo ali ku South Africa, kuli Equality Court m'makhoti a majisitireti, kumene munthu amadandaula popanda kulipira ndiponso popanda loya, kalaliki n'kumuthandiza kudzaza fomu.

Za m'bindikiro, musamuletse kukhala m'gululo, koma mukambirane naye mosabisa kuti iye ndi anzake a pasipoti ya Britain sali pa ngozi yofanana. Viza ya wophunzira siletsa zionetsero zabata. Koma imadalira kuti sukulu ipitirize kumuimira. Akachotsedwa sukulu, kapena akaimitsidwa nthawi yaitali, yunivesite imakakamizidwa kudziwitsa Home Office, unduna woona za anthu olowa m'dziko, ndipo viza imafupikitsidwa, kawirikawiri kufika masiku 60. Kukhala m'nyumba ya sukulu mwabata nthawi zambiri si mlandu wa polisi poyamba, koma sukulu ikapeza chilolezo cha khoti chowatulutsa, kapena pakawonongeka katundu, kapena antchito akatsekerezedwa, nkhani imasintha, ndipo mbiri ya mlandu imamutsata pa viza iliyonse ya mtsogolo. Magulu okonzekera bwino amadziwa zimenezi, ndipo ntchito yogona m'maofesi amaisiyira eni dziko.

Ntchito yomuyenera ilipo, ndipo ndi yamphamvu kuposa kugona pa simenti. Pansi pa lamulo la Freedom of Information Act la 2000, munthu aliyense, nzika kapena mlendo, akhoza kulembera yunivesite ya boma kupempha ziwerengero, ndipo iyenera kuyankha m'masiku 20 ogwira ntchito. Afunse madandaulo a tsankho amene alandiridwa m'zaka zisanu zapitazi, angati anavomerezedwa, anatenga masiku angati, ndi chilango chimene chinaperekedwa. Afunse kusiyana kwa magiredi a akuda ndi azungu m'dipatimenti iliyonse, osati sukulu yonse pamodzi, komanso osalola kuti akuda aphatikizidwe ndi mitundu ina yonse m'chiwerengero chimodzi, chifukwa kuphatikizako kumabisa kukula kwa vuto. Afunsenso aphunzitsi akuda amene ali pa kontirakiti yokhazikika ndi ndalama zimene komiti yatsopanoyo yapatsidwa. Ndi mayankho amenewa gulu likhoza kusankha mapempho atatu kapena anayi, lililonse lokhala ndi chiwerengero, tsiku ndi udindo wa woyankha, n'kupempha kuti ophunzira okhala m'komiti azilipidwa, azikhala ndi voti, ndiponso kuti lipoti lizipita ku khonsolo ya yunivesite chaka chilichonse poyera. Zikalata zonse azisunge pamalo amodzi n'kuzipereka m'manja mwa a chaka choyamba asanamalize maphunziro ake.